Mazira Amene Towela Anasiya

Towela anachoka pakhomo pa makolo ake Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Epulo, osatsanzikana ndi atate ake. Ba Aloysius anali m'munda kuseri kwa nyumba, akuthyola tichimanga tochepa timene chilala cha chaka chimenecho chinawasiyira. Anamva chitseko chikulira, anamva mawu a akazi awo, ba Clementina, akuperekeza mwanayo kumsewu wafumbi wopita ku Chalimbana, koma sanaweramuke. Anangopitiriza kuthyola, mzere ndi mzere, mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Ba Aloysius anali katekisiti wa pamishoni kwa zaka zoposa makumi awiri, munthu amene akalowa m'tchalitchi ana amasiya kunong'onezana. Towela anali mwana wawo womaliza, ndiponso mwana wamkazi yekhayo. Atamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Chalimbana anakhala zaka ziwiri pakhomo akudikira ntchito ya boma. Atatopa kumuona akungosesa bwalo, ba Aloysius anavala jekete lawo lopitira ku Misa, napita kwa ba Fada kukamupemphera malo pasukulu ya mishoni. Malo anapezeka. Towela anaphunzitsa sayansi teremu imodzi yokha. Kenako anabwera ndi kalata yonena kuti amutenga ku Liuwa, kutsidya kwa Kalabo, kumathero a dziko kumadzulo, kukagwira ntchito yolondola afisi ndi kuwerenga nyumbu m'chigwa.

"Manje nikabauze chani ba Fada?" anafunsa ba Aloysius tsiku limenelo. "Kuti mwana wanga wasiya bana ba banthu, wasankha afisi?"

"Atate, ni nchito yamene nifuna kuchokela kale. Muziba."

"Ukachoka pano, usanitumile foni, usanilembele. Uzikamba na amai bako. Ine nilibe mau na iwe."

Towela anapinda kalata yake. Ndipo zimene anauzidwazo anazichita ndendende.

Patapita masiku atatu chichokereni iye, ba Clementina akusesa m'chipinda chake anapeza kontena ya pulasitiki pansi pa bedi, yakale ya ayisikirimu, yoboola timabowo pachivundikiro. Pamwamba pake panali pepala lomatidwa. Atawerenga, anatuluka msangamsanga akupukuta manja pachitenje ngati agwira moto.

"Atate bake Towela, bwelani muone vamene watisiyila mwana wanu."

Pepalalo linati: Amai, musataye. Ni mazila ya Sisitele. Musayatembenuze. Mchenga ukauma thilani madzi pang'ono m'mbali. Bazabadwa na mvula.

Sisitele anali bilimankhwe. Towela anamutola pamsewu chaka chathacho, ana asukulu akumugenda, namumangira khola la waya mozungulira kamtengo ka gwafa kuseri kwa khitchini. Anamutcha dzinalo chifukwa cha kayendedwe kake kodekha ngati ka asisitere popita kukalandira ukalistia, ndipo ba Aloysius nthabwala imeneyo sanaikonde. M'mawa uliwonse Towela ankamugwirira ziwala. Nthawi ya mvula ankatsegula khola, ndipo tsiku lina munalowa bilimankhwe wamwamuna. Mu Malichi Sisitele anatsika mumtengo, nakumba dzenje mu ndowa ya mchenga imene Towela anamuikira, naikira mazira. Atatero anafooka, anasiya kudya, ndipo anafa patangotsala sabata kuti Towela anyamuke.

"Ine sinigwila vinthu ivo," anatero ba Clementina. "Amai banga banali kukamba kuti ukagwila bilimankhwe khungu imasintha. Chotsani m'nyumba mwanga."

Ba Aloysius ananyamula kontenayo kuti akaitaye kudzala. Atafika kumeneko anaganiza zotsegula kaye, kungoti aone. Munali mchenga wa kumtsinje, wonyowa pang'ono, ndipo mumchengamo munandandalikidwa timazira toyera, totalika ngati njere za nyemba zikuluzikulu, tokwiriridwa theka. Dzira lililonse linali ndi nambala yolembedwa ndi pensulo pamwamba, kuyambira wani mpaka sate wani. Manambalawo anali opendekera kumanzere, monga Towela ankalembera kuyambira ali giredi wani, pamene atate akewo ankamugwira dzanja pakhonde kuti awongole koma osatheka. Anaima pamenepo kanthawi. Kenako anatseka, nabwerera nayo, nakaiika m'kachipinda kosungiramo makasu ndi mbewu.

Lamulungu lililonse madzulo Towela ankaimbira amayi ake. Kumene ankakhala netiweki inkapezeka paofesi pokha, ndiye ankayenda ndithu kuti aimbe. Ba Clementina ankakhala pampando pabalaza, foni ili pakhutu, akuseka ndi kufunsa za chakudya ndi udzudzu. Ba Aloysius ankatuluka kukakhala pakhonde, pansi pa zenera lenileni, atatsegula buku la mapemphero patsamba limodzi lomwelo mpaka foni itatha. Mawu a mwanayo ankamveka patali ngati kanjuchi. Sankatha kumva chimene akunena, koma ankadziwa pamene waseka.

"Ali bwino," ankatero ba Clementina potuluka, asanafunsidwe.

"Sininafunse."

"Niuza khoma."

Mazira aja ankawaona m'mawa uliwonse asanapite ku Misa. Ankagwira mchenga ndi chala, ukakhala wouma n'kuthira madzi ndi supuni. Mu Julayi, kuzizira kutafika pachimake, anapeza awiri atachita chuku chotuwa ngati ubweya. Anawayang'ana tsiku lonse m'maganizo. Madzulo anatenga foni yawo, imene mwana wawo wamkulu wa ku Silverest anawagulira, najambula chithunzi chosaoneka bwino. Anafufuza nambala ya Towela, natumiza chithunzicho popanda moni. Pansi pake analemba kuti: Aya yachita chuku.

Panapita masiku awiri. Tsiku lachitatu ali kumunda foni inalira m'thumba.

Chotsani ya chuku na supuni. Madzi mwachulukitsa.

Basi, mawu ake anali omwewo. Ba Aloysius anakhala pachulu nawerenga kanayi. Anachotsa mazira awiriwo, nawakwirira pansi pa gwafa. M'mawa mwake analembanso: Madzi yangati? Yankho linabwera: Mchenga ukafinya usadonthe.

Kuyambira pamenepo mafunso sanathe. Ankafunsa ngati chivundikiro chikhale chotseka kapena chotsegula. Ankafunsa ngati utsi wa kukhitchini ungawapweteke. Nthawi zina ankafunsa zinthu zimene ankazidziwa kale, zimene anafunsapo sabata yathayo, n'kungosintha kafunsidwe. Towela ankayankha zonse, mwachidule, ngati nesi wa kuchipatala. Sankalemba kuti atate, sankafunsa za moyo wawo. Iwonso sankafunsa za wake. Koma foni ija, imene kale inkakhala masiku atatu m'kabati itazima, tsopano inkayenda nawo ngakhale kokadula udzu, ndipo magetsi akabwera kwa maola ake ochepa aja, choyamba kulumikiza chinali chimenecho.

Lamulungu lina kumayambiriro kwa Seputembala, ba Clementina atamaliza kulankhula pafoni anatuluka nati, "Akuti afuna kuona tuja tubilimankhwe tukabadwa. Akuti azapempha livu ku nchito."

Usana wotsatira ba Aloysius anawerengera miyezi ndi zala. Mazirawo anali atakhala miyezi isanu ndi umodzi osasintha chilichonse. Nkhuku imafungatira masabata atatu basi, bakha masabata asanu. Chimenechi n'chiyani chofuna pafupifupi chaka chathunthu? Anaganiza kuti ndi kuzizira kwa m'kachipinda muja kumene kukuchedwetsa zinthu. Atapeza kutentha kokwanira, mwina angaswe mu Okutobala.

Ku Chalimbana kunali Tenson, bambo wa ana atatu amene ba Aloysius anamuphunzitsa katekisimu kale. Tenson ankaweta nkhuku papuloti yake ndipo anali ndi makina oswera mazira oyendera sola. Ba Aloysius anasankha mazira khumi ooneka onenepa, nawaika m'kabokosi ka machesi aakulu ndi mchenga pang'ono, nakwera njinga.

Tenson anatsegula kabokosiko, nabwerera m'mbuyo.

"Ba katekisiti, ivi ni vichani? Va njoka?"

"Va bilimankhwe. Ni va Towela."

"Mu mashini mwanga? Bakamva makasitoma kuti nkhuku zanga zinabadwila pamozi na bilimankhwe, nizagulisa kuli ndani?"

"Sazamva munthu. Ikako chabe pakona."

Tenson anakanda m'mutu. Kukana munthu amene anakuphunzitsa Atate Athu n'kovuta. Anaika kabokosiko pathireyi ya pansi, pakona, nati abwere pakatha sabata.

Sabata itatha ba Aloysius anapeza mazira onse khumi atafota, atasanduka achikasu, atakwinyika ngati mphesa zouma. Makinawo ankatentha monga nkhuku imafunira, ndiponso ankapendeketsa mathireyi okha maola angapo alionse. Tenson anapepesa ngati kulakwa kunali kwake. Ba Aloysius anabwerera akukankha njinga, osaikwera, mtunda wonse.

Masiku atatu sanalembe kanthu. Anaganiza zongobisa, popeza Towela sakanadziwa. Koma munthu amene wakhala zaka zonse akuuza ana kuti asabise tchimo pokalapa sanathe kugona nazo. Analemba zonse, mosachotsera, natumiza.

Yankho silinabwere molemba. Unali uthenga wa mawu, wotalika mphindi ziwiri. Anakalowa m'kachipinda ka makasu, natseka chitseko, nadina.

"Atate! Nindani anakuuzani kuchita ivo? Nindani? Ninalemba kuti musayatembenuze! Bilimankhwe si nkhuku, atate. Mazila yake yankhala pansi mu dothi, pozizila, yafunika nthawi yake. Imwe vonse mufuna viyende mwamene mufunila imwe. Simufunsa, mungochita chabe, pamene apo muziti mwathandiza. Teni! Mwapaya teni!"

Panamveka mphepo ikuwomba pafoni, ndi mbalame ina yachilendo ikulira chapatali. Kenako mawu anatsika.

"Yamene yasala musayachotse mu kontena. Mukagule temometa ku Chongwe, ku famasi. Okutobala ibwela, isapitilile sate. Ikapitilila yazafa yonse."

Unali ukali weniweni, ndipo mawu ena anawalasa pamene Towela analinga. Komabe ba Aloysius anaumvetsera uthengawo kachiwiri, kachitatu. Inali miyezi isanu chimvereni mawu a mwana wawo akulankhula ndi iwo. Anamva kuti wachita chimfine pang'ono. Anamva mmene amakokera mpweya asananene chinthu chowawa, monga amayi ake. Ba Clementina atabwera kudzatenga nyemba anawapeza atakhala pathumba la mbewu, foni ili pakhutu.

"Bakukalipilani?"

"Maningi."

"Nanga museka chani?"

"Siniseka."

Mawa lake anakwera minibasi kupita ku Chongwe nakagula temometa yoyezera kutentha ija.

Okutobala wa chaka chimenecho anali woopsa. Malata ankalira tetete masana, nkhuku zinkangoyasama pansi pa ngolo, ndipo chitsime cha pafupi chinaphwa. Temometa m'kachipinda muja inkafika sate foo dzuwa likakhala pamutu. Ba Aloysius anasamutsira kontenayo pansi pa bedi lawo, ba Clementina nakana kugona m'chipindamo. Anaisamutsira kubafa, koma kumeneko madzulo khoma linkatentha ngati chiwaya. Ankaikulunga ndi thumba lonyowa, thumbalo n'kuuma ola lisanathe. Mazira asanu ndi limodzi anaphwa pakati ngati mpira wobooka, limodzi lero, awiri mawa. Lililonse ankalijambula n'kutumiza, ndipo Towela ankayankha kuti: Chotsani.

Kutchalitchi nkhani inali itamveka, kaya kudzera kwa ndani. Amayi ena a m'kwaya anafunsa ba Clementina, moseka koma mosaseka, ngati n'zoona kuti akatekisiti akuweta tizilombo m'nyumba, nanga n'tantchito yanji. Ba Clementina anabwera kunyumba nkhope itagwa, natsuka mbale. Kenako analowa kukhitchini yakale yaudzu, nakhuthula madzi a mumtsuko wawo waukulu, umene anabwera nawo pa ukwati, nauika pamchenga wonyowa pakona.

"Ikani umu," anatero. "Mu nongo mumazizila. Muzithila madzi kunja kwake. Koma mugwile mweka, ine sinigwila."

"Nanga banthu?"

"Banthu bana babo bali pafupi."

Mumtsukomo temometa inatsika kufika twente seveni. Mazira anasiya kuphwa. Koma chinyezi chinaitana nyerere, ndipo m'mawa wina mu Novembala ba Aloysius anapeza mzere wakuda ukukwera mtsuko. Anayi anali atabooledwa kale. Anawaza phulusa kuzungulira, nakhazika mtsukowo pa njerwa m'beseni la madzi. Anatsala asanu ndi anayi.

Towela anawauza kuti atseke chitseko kuti mukhale mdima, ayatse tochi ya foni, aunike dzira lililonse m'mbali osalinyamula. Anayi anaoneka achikasu mbee, opanda kanthu. Koma asanu anawala mofiirira, ndipo mkati mwake munali timitsempha tofiira topyapyala ngati mizu ya udzu. M'limodzi munali kanthu kakuda kopindika. Ba Aloysius anayandikiza tochi. Kanthuko kanagwedezeka.

Analemba msanga: Faivi yali na moyo. Imozi yayenda.

Yankho linabwera tsiku lomwelo: Zoona?? Mwachita bwino.

Anawerenga mawu awiri omalizawo ataimirira pakhomo la khitchini mpaka maso anachita chidima.

Mvula inayamba bwino kumapeto kwa Novembala. Anthu anadzala, inswa zinatuluka, msewu wa ku Chalimbana unasanduka matope. Towela anauza amayi ake kuti livu yake ikhoza kutuluka pa Khirisimasi. Ba Aloysius anagula laimu napaka chipinda cha mwanayo, nakonza mwendo wa tebulo lake lowerengera umene unathyoka kalekale. Anakonzanso khola la waya lija la pagwafa, limene linali litagwa. Masiku otsatira Khirisimasi isanafike, ankapeza zifukwa zopitira kumsewu waukulu madzulo, ati kukaona mtengo wa feteleza, n'kumaima pasiteji kuyang'ana anthu otsika m'maminibasi ochokera ku Lusaka.

Pa twente fili Disembala ba Clementina anawatsatira kumunda kumene ankapalira.

"Watuma foni. Sabwela."

Khasu linaima.

"Akuti madzi yayamba kudzala mu chigwa, nyumbu zabwela zambili, ni nthawi ya nchito. Banzake bakale ndiye bapita ku livu. Iye ni watsopano."

"Nanga ine ninakamba kuti abwela?" anatero ba Aloysius, nayambanso kupalira. Anapalira mpaka kumapeto kwa mzere, nadula mapesi awiri a chimanga chabwinobwino osaona.

Pa Misa ya Khirisimasi anawerenga mawu a Mulungu monga mwa nthawi zonse, momveka, osaphonya. Pobwerera anadutsira kukhitchini yakale, nakhala pafupi ndi mtsuko atavala jekete, kufikira ba Clementina anawaitana kuti chakudya chikuzizira.

Januwale anatha. Mu sabata yoyamba ya Febuluwale, m'mawa wina, anapeza mazira asanu aja atatuluka timadontho ta madzi pakhungu ngati thukuta, ndipo awiri anali atayamba kuchepa.  Umu ndi mmene aja a Okutobala anayambira. Anatenga lezala kuti ang'ambe limodzi, mwina apulumutse kamene kali mkati kasanafe. Anafika poligwira ndi chala. Kenako anaika lezalayo pansi, najambula chithunzi, natumiza, nakhala kudikira. Tsiku lonse sanapite kumunda. Yankho linafika dzuwa litapendeka.

Musagwile!! Ndiye kubadwa uko. Musathandize. Yembekezani chabe.

M'mawa mwake dzira nambala seveni linali litang'ambika kunsonga, ndipo panatuluka kamutu kakang'ono, maso otseka. Kanakhala choncho tsiku lathunthu osasuntha, moti ba Aloysius anayesa kuti kafa. Tsiku lotsatira anakapeza kakuyenda pamchenga, kathunthu, kotalika ngati chala chaching'ono, kobiriwira motuwa, mchira utapindika ngati kasipuling'i ka wotchi. Kanali ndi zonse: tizala togwirira, kamsana, maso otembenuka lililonse kwake. Kanakweza mwendo umodzi, kanaganiza, kanaubweza, kenako kanaponda.

"Amake Towela! Bwelani!"

Ba Clementina anaima pakhomo, manja kumbuyo, nasuzumira.

"Mayo. Kamwana. Nanga kazadya chani, kopanda amake?"

Pamasiku atatu anaswa anayi. Dzira lachisanu linang'ambika koma kamwanako sikanathe kutuluka, kanafera m'chikamba. Ba Aloysius anaika nthochi yakupsa m'botolo kuti ikoke tintchentche tating'ono, monga Towela anawalangizira, ndipo anaona ndi maso awo kalilime kakuthwanima, kantchentche n'kusowa.

Lamulungu madzulo foni imene inalira inali yawo, osati ya ba Clementina. Inali ya vidiyo. Anasokonezeka posaka podina, mpaka akazi awo anawadinira. Nkhope ya Towela inaoneka, yakuda ndi dzuwa, yowonda pang'ono, tsitsi lometa, atavala malaya obiriwira a ntchito. Kumbuyo kwake kunali thambo lalikulu ndi madzi ongoti nyezinyezi mpaka kumapeto.



"Nionetseni," anatero Towela.

Ba Aloysius anaika chala m'kontena, kamodzi kanakwera pang'onopang'ono, kanagwira chikhadabo ndi tizala take. Anakayandikiza kufoni. Towela anaphimba pakamwa ndi dzanja.

"Kafanana na amake," anatero. "Atate, mwakagwila na kwanja."

"Sikaluma."

Anaseka onse, pang'ono. Kenako Towela anapukuta m'maso nati, "Mutusunge masiku yatatu chabe. Pamene apo mukatusiye kumtsinje, pa vitsamba vamene vili na tudoyo twambili. Musatuike pamozi, kamozi apa, kamozi apo."

"Ninakonza khola. Ningatusunge mpaka ukabwele."

"Atate, sinizabwela manje. Kuno njila zonse ni madzi, tiyenda na boti. Kapena mu Juni, kapena mu Julayi, siniziba. Mu khola tuzafa. Tufunika dzuwa na mame."

Ba Aloysius anayang'ana kanyama kali pachala chawo. 

"Towela, mwana wanga. Vija vamene ninakamba tsiku ija..."

Chithunzi chinaima. Nkhope ya Towela inauma pafoni, pakamwa potsegula pang'ono, kenako inazimiririka. Anayesa kuimba kanayi, osalowa. Ba Clementina anawalanda foniyo mofatsa, nati netiweki ya kumeneko ndi mmene imachitira, mitambo ikabwera.

Lachitatu m'mawa, mame asanaume, ba Aloysius ananyamula kontenayo kupita kumtsinje. Ba Clementina anawatsatira patali, ati akukathyola ndiwo. Anasankha zitsamba zinayi zotalikirana, naika kamodzi kamodzi. Titatu tinalowa m'masamba nthawi yomweyo. Komaliza kanakakamira pachala, mpaka anachita kukakankha pang'ono ndi kaudzu. Kanagwira nthambi, kanagwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo ngati tsamba, ndipo ataphethira sanakaonenso. Anafufuza ndithu, atawerama, koma ayi.

Pobwerera foni inalira. Unali uthenga wolemba, wotumizidwa Lamulungu lija koma wofika tsopano.

Ninamvela, atate. Tizakamba.

Masabata otsatira anali ovuta mwa mtundu wina. M'mawa ankadzuka, miyendo n'kuwatengera kukhitchini yakale, n'kupeza mtsuko uli ndi madzi akumwa monga kale. Panalibe chojambula, panalibe chofunsa. Ankatsegula foni, n'kulemba kuti Uli bwanji, n'kufufuta, chifukwa mawuwo ankaoneka achilendo pansi pa mndandanda wautali wa zithunzi za mazira. Tsiku lina anangotumiza. Towela anayankha patapita masiku anayi kuti ali bwino, madzi achuluka, afisi asamukira kumtunda, nafunsa za bondo lawo. Iwo sankadziwa kuti mwanayo akudziwa za bondolo. Anayankha kuti lilibwino, ngakhale silinali.

Kumapeto kwa Malichi anapita ku Chongwe kukagula matumba okololera. Atamaliza anapita pasiteshoni, nafunsa kondakitala wina wachikulire mmene munthu amayendera kuti akafike ku Kalabo. Kondakitalayo anaitana mnzake, wa mtundu wa Alozi a kumadzuloko, amene anafotokoza bwinobwino: kukwera ya ku Lusaka, kugwira basi yaikulu ya ku Mongu imene imayenda tsiku lonse kudutsa m'nkhalango ya Kafue, kugona ku Mongu, m'mawa kukwera ina yodutsa pamilatho ya pachigwa mpaka ku Kalabo. Kuchokera apo, anatero, muwoloka mtsinje pa pantuni, chombo chowolotsa magalimoto, ndipo kutsogoloko ndi mchenga wokhawokha, mpaka wina abwere kudzakutengani.

"Koma manje simungapite, mudala. Yembekezani madzi yaphwe. Muli na ndani kuja?"

"Mwana wanga. Asebenza na nyama."

"Mwamuna?"

"Mkazi," anatero ba Aloysius. "Alondola afisi."

Mloziyo anaimba mluzu posilira. Ba Aloysius anamupempha kuti abwereze mayina a malo aja pang'onopang'ono, nawalemba kuseri kwa kalendala yaing'ono ya tchalitchi imene inali m'thumba la jekete. Kunyumba anaonetsa ba Clementina. Iwo anawerenga, nayang'ana bondo la amuna awo, nayang'ananso pepalalo.

"Tikakolole poyamba," anatero. "Ndipo simuyenda mweka. Mungasobe ku Mongu."

Chimanga chinali chisanaume. Ba Aloysius anatuluka kukachiona, nasenda chimodzi, nakanikiza njere ndi chikhadabo. Munatuluka mkaka. Panali patatsala mwezi wathunthu, kapena kuposerapo.